Mbatatesi Zisanu ndi Zitatu

Ku Oulu kuno dzuwa la Januwale ndi mlendo wamanyazi.
Lasuzumira pamwamba pa mitengo, latiwerenga,
labwerera kwawo ndisanadye n'komwe nkhomaliro.
Poweruka ndapeza mdima wa ndiwe yani.

Njinga yatandala panja pa chipatala,
chishalo chavala chipewa choyera.
Loko wauma gwa, kiyi akukana kulowa.
Ndagwada, ndamuuzira mpweya ngati ndikukoleza makala
mpaka walola.

Madigiri makumi awiri pansi pa ziro.
Timisomali ta m'matayala tikuluma ayezi, tswatswatswa,
mpweya wanga ukuundana pa sikafu,
nsidze zachita imvi.
Ndanyamuka ndili mtsikana, ndikafika ndili nkhalamba.
Pamlatho kamwana kasukulu kandipitirira,
chikwama kumsana, osacheuka.

M'golovesi muli kapepala ka Tuovi wa khomo lachitatu,
kolemba ndi dzanja lamanzere, zilembo zili dzandidzandi:
mbatatesi zisanu ndi zitatu, karoti ziwiri, anyezi,
salimoni, kirimu, katsabola.
Zaka makumi asanu ndi limodzi mayi ameneyu wapalasa njinga
m'chisanu chilichonse cha mzinda uno, osagwa.
Wadzagwa wapansi,
akukataya zinyalala,
mapazi anayi kuchokera pakhomo pake.
Mkono uli m'chikhakha.
Akuti ululu si nkhani, nkhani ndi manyazi.

Ndagula zonse. Ndakumbukira mawu akewo pokhota kumtsinje,
ndaseka ndekha,
ndipo dzanja lafinya buleki yakutsogolo.

Phii!

Kumwamba kuli nyenyezi zambiri, ndaziona bwino nditagona chagada.
Mbatatesi zili balala pachipale chofewa,
ndikuzisaka chokwawa ndi nyali ya njinga.
Bambo wina wa galu waima,
watola anyezi, wampukuta pajekete, wandipatsa,
wapitiriza ulendo osatsegula pakamwa,
monga timachitira kuno munthu akagwa.
Mbatatesi imodzi yagubuduzika kutsetsereko.
Ndaileka.

Kukhitchini kwa Tuovi kukununkha khofi wadzulo ndi ubweya wonyowa.
Iye wakhala pampando, chikhakha pamiyendo, akulamula.
Batala ayambe. Anyezi asapserere, angofewa.
Usasende mwakuya, mbatatesi si adani ako.
Madzi angophimba, osamiza.
Tsabola wakuda njere zisanu, uwerenge.
Tsopano usiye. Ndati usiye, poto sakusowa chipande chako.

Zala zanga zikudzuka chimodzichimodzi,
zikuyabwa, zikulira ngati zalumidwa ndi linthumbu.
Galasi la zenera lachita nthunzi,
msewu wasowa, kwatsala nyali zoyenda zokha,
zoyera zikubwera, zofiira zikupita.

Nsomba ilowa pomaliza, moto utazima.
Salimoni safuna kuphikidwa, akutero Tuovi,
amangofuna kufunda pang'ono, ngati ife.
Kirimu. Katsabola wodzaza dzanja.
Mphindi makumi atatu basi, chakudya chatheka,
ndi buledi wakuda wolimba ngati chidendene.

Supuni akuigwira kumanzere, msuzi ukudontha pachibwano,
sindikuyang'ana.
Wadya. Wavundula m'mbale. Wasuzumira m'poto.

Ndinalemba zisanu ndi zitatu, Inkeri.

Imodzi ndapatsa mtsinje.

Maso ake atsika pang'onopang'ono
mpaka pabondo la buluku langa, pong'ambika, ponyowa.
Chete.
Kenako phewa lake layamba kugwedezeka,
kenako lonse thupi, chikhakha chikugunda tebulo,
akuseka mpaka misozi, akuti mkono ukupweteka, ndisamuseketse,
ine sindinanene kanthu.

Potuluka, m'khonde muli njinga ziwiri.
Yanga ikudontha, yapanga kadziwe pansi.
Yake youma, fumbi pabelu,
matayala aphwa ndi kukhala.
Kumbuyo kwanga mawu akuti,
pampu ili kuseri kwa nsapato,
chikhakha achotsa pa 9 Malichi,
ayezi adzakhala akadalipo.

Ndavulanso magolovesi.